Magalasi Anakana Kutsika

Mayi Zipora anaphunzira kuyendetsa galimoto amuna awo akadali moyo, pa pikapu yakale ya pafamu yawo ya fodya kufupi ndi Nathenje. Inali yokoka ndi mateyala onse anayi, ndipo utoto wake unali utasuluka moti anthu ankatsutsana ngati inali yoyera kapena yachikasu. Chaka chatha mwana wawo Gift, yemwe amagwira ntchito ku Joni, anawatumizira galimoto yatsopano, yaitali, yakuda bii, yoliza ndi batani. Anati mayi ake akula, asamalimbanenso ndi chiphapha.

Loweruka lina mu Febuluwale kunali chinkhoswe cha mwana wa achimwene awo ku Mitundu. Ananyamuka m'mawa pa galimoto yatsopanoyo pamodzi ndi mpongozi wawo Jenipher, mkazi wa Gift, ndi khanda lake Ulemu, la miyezi isanu. A Bester, amene akhala akukonza ndi kuyendetsa magalimoto a pafamupo kwa zaka makumi awiri, anatsatira pa pikapu ija atanyamula mipando ndi mapoto.

Mwambo unatha cha m'ma 3 koloko. Ku Mitundu sikunagwe ngakhale dontho, koma cha ku Dzalanyama kumwamba kunali kutada.

"Mudzere ku Lilongwe, mayi, pa tala," anatero a Bester. "Kumtundaku yagwa yambiri."

"Kuzungulira konseko? Mwanayu watopa. Ife tidutsa yachidule, inu mutipeza mukamanga katunduyo."

Msewu wachidulewo ndi wadothi, ndipo pakati pake pali kamtsinje kopanda mlatho. Anangoyala simenti pansi kuti madzi aziyenda pamwamba, n'kuimika zipilala zifupizifupi mbali yakumunsi. M'mawa madzi ankalekeza m'mapazi. Tsopano anali ofiira, akuthamanga ndi mapesi ndi nthambi, ndipo zipilala zija zinkangooneka mitu. Tsidya lina anthu anayi a njinga anali ataima. Mmodzi anakweza dzanja, koma Mayi Zipora sanadziwe ngati akuti bwerani kapena bwererani. Madzi otere anali atawolokapo kangapo pa pikapu. Analowa.

Pakatikati kutsogolo kwa galimoto kunagwa mwadzidzidzi, pamene madzi anali atakumba simenti. Madzi anakwera pa boneti. Timagetsi tonse ta kutsogolo kwawo tinayaka nthawi imodzi, kabelu kanalira, injini n'kuzima. Anadina batani loliza. Zii. Anadinanso. Kagalasi ka pakati kanalemba mawu a Chingerezi amene sanathe kuwawerenga onse, kenaka kanathima.

"Amayi, yatani?" anafunsa Jenipher ali kumbuyo.

"Yazima. Dikirani pang'ono, amake Ulemu."

Asanaganize chochita anamva galimoto ikukwekwereka chammbali, pang'onopang'ono, mpaka inagunda zipilala n'kuima. Zitseko za kumanzere zinapanikizika ku zipilalazo. Anakankha chitseko chawo ndi phewa, koma mbali imeneyo ndi imene madzi ankachokera, ndipo chinali ngati khoma. Anadina mabatani a magalasi, onse anayi, limodzilimodzi. Palibe galasi limene linasuntha.

Apa m'pamene anamva kuzizira kumapazi. Madzi ankalowa pansi mwakachetechete, ndipo nsapato ya Jenipher inali itayamba kale kuyandama.

Foni inawapulumuka m'manja kawiri asanapeze dzina la a Bester.

"Bambo Bester, tili pamtsinje. Yazima. Sitikutha kutuluka."

"Madzi afika pati?"

"Alowa m'kati."

"Ndili pachigayo, ndikubwera. Tsitsani magalasi."

"Akukana."

A Bester anati, "Pitani kumbuyo nonse," n'kudula foni.

Mayi Zipora anavula nsapato n'kuyamba kumenya galasi ndi chidendene chake. Anamenya mpaka dzanja linachita dzanzi, koma galasi silinang'ambike n'komwe. Anayesa ndi foni, foniyo ndi imene inasweka. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Jenipher anagwada pampando atamukweza paphewa, akupemphera mothamanga, mawu omwewomwewo kubwerezabwereza. Magalasi anachita nthunzi. Atapukuta ndi chitenje, Mayi Zipora anaona anthu a njinga aja akuthamanga uku ndi uku m'mphepete mwa madzi, pakamwa pali yasa, koma mawu awo sankafika. Chimene chinkamveka chinali mkokomo wa madzi ndi nthambi zomenya chitseko.

Anadzikoka kudutsa pakati pa mipando, diresi la chinkhoswe litanyowa n'kulemera. Madzi anali atafika pampando. Galimoto inagwedezeka, pansi pake panalira chitsulo chikukhula simenti, ndipo mbali yakumanja inanyamuka pang'ono n'kubwerera.

"Amayi, tifa ndi mwanayu," anatero Jenipher motsitsa mawu.

Mayi Zipora anaganiza za Gift akulandira foni ku Joni, akumva kuti mayi ake, mkazi wake ndi mwana wake apita tsiku limodzi, komanso kuti amene anakana kudzera pa tala ndi mayi akewo. Anagwira kaphazi ka Ulemu. Kanali kofunda. Sanakasiye.

Sanadziwe kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Madzi anali m'chiuno pamene anamva kugunda kwa injini ya dizilo, kuja ankakudziwa ngakhale ali m'tulo. Anapukuta galasi lakumbuyo. Pikapu inkatsetsereka kulowa m'madzi pa giya yotsika kwambiri, mipando ndi mapoto zili pamwamba. Madzi anaphimba mateyala, anafika m'zitseko, anamiza nyali zakutsogolo, koma injini inkangogundabe, ikupumira pa paipi imene a Bester anawotcherera okha m'mbali mwa galasi zaka zapitazo. Inafika n'kukhudza kumbuyo kwa galimoto yawo.

A Bester anatulukira pawindo, chingwe chili m'chiuno, sipanala ya mateyala ili m'manja. Anakwawa pa boneti n'kuwakodola kuti atembenuke. Kumenya koyamba galasi lakumbuyo lija linachita mizere. Kwachiwiri linagwa lonse ngati mchere, ndipo phokoso la mtsinje linalowa ndi mphepo yake.

"Mwana kaye," anatero a Bester.

Jenipher anakakamira mwanayo. Manja ake anakana kumasuka.

"Amake Ulemu, perekani," anatero Mayi Zipora. Anachita kumasula zala za mpongozi wawo chimodzichimodzi, n'kumupereka okha mwanayo pa bowolo. A Bester anamufungatira ndi dzanja limodzi, anabwerera chokhala pa boneti, n'kukamugoneka pampando wa pikapu. Anabweranso kudzatenga Jenipher. Mayi Zipora anali omaliza. Thupi lawo ndi lalikulu ndipo bowolo linali laling'ono. Galasi linawacheka mkono kuyambira pachigongono, koma anazindikira zimenezo atakhala kale mu pikapu, madzi ali m'mawondo, magazi akudontha pa diresi.

A Bester analowetsa giya yobwerera. Pikapu inanjenjemera, mateyala anapala simenti, kenaka inayamba kubwerera m'mbuyo mpaka inakwera pamtunda. Atatsegula zitseko madzi anakhuthuka ngati mumtsuko. Ali chiimire pamenepo, chipilala chimodzi chinathyoka. Galimoto yatsopano ija inapendekeka, inagona chammbali kumunsi kwa simenti, ndipo madzi anadutsa pamwamba pake. Mayi Zipora anangokhala pansi m'matope.

Anabwerera ku Mitundu, kumene anawasoka mkono kuchipatala, ndipo anagona kwa achimwene awo. Lolemba m'mawa a Bester anakhetsa oilo wa pikapu, anathira wina, anayanika mipando yake padzuwa pafupi ndi chigafa cha pafamu, ndipo pofika masana inali ikututa nkhuni. Galimoto inayo anaivuula ndi thirakitala madzi ataphwa, n'kuinyamula pa lole kupita ku Lilongwe. Amakaniko kumeneko anati kompyuta yake yamwa madzi, ina iyenera kuchokera kunja, ndipo ngakhale itabwera sangalonjeze kuti zonse zidzagwiranso ntchito.

Gift anaimba foni kangapo sabata imeneyo. Poyamba ankalira, kenaka anayamba kukalipa. Anati vuto si galimoto, vuto ndi kulowa m'madzi osefukira.

"Ukunena zoona," anayankha mayi ake. "Ndinalakwa ndine. Koma ndinalakwa ndili m'galimoto imene sindikanatha kutulukamo."

"Ndikutumizirani ina, amayi. Zatsopano zina zimawoloka bwinobwino."

"Usatumize. Ngati ukufuna kundithandiza, tumiza mateyala anayi ndi masipuling'i a pikapu. Ndikufuna galasi lotsitsa ndi dzanja langa, ndi injini yoti a Bester akaitsegula aziona chimene chavuta."

Gift sanagwirizane nazo, ndipo mpaka lero akabwera kumudzi nkhaniyi amaiyambitsanso. Mateyala anatumiza ndithu. Jenipher anatha mwezi wathunthu osakwera galimoto iliyonse, ndipo kusikelo ya mwana ku Nathenje ankapita wapansi. Mayi Zipora nawo sanagwire chiwongolero mpaka Pasaka, mkono utapola. Tsiku limenelo anayendetsa okha kupita kutchalitchi, pang'onopang'ono, moti anthu a njinga ankawapitirira.