Dzina la Mayi Kang pa Chiliza

Anthu a mumsewu mwathu akunena zambiri za dzanja la bambo anga. Ena akuti ndi za mowa, ena akuti ndi za mkazi wa mwini, ndiye bola ndinene ndekha poti ndinalipo. Komanso ndine ndinayambitsa.

Bambo amazokota ziliza. Zilembo amadula ndi makina, kenako amasalaza ndi tchizulo n'kupaka utoto pamanja, moti dzanja lawo lamanja ndi limene limatidyetsa tonse. Kompyuta amaiopa ngati galu wachiwewe, ndiye ndikaweruka kusukulu ntchito imeneyo ndi yanga. Makasitomala amatumiza pa foni zithunzi zofinyidwa zija za pa intaneti, koma makina athu ndi okalamba, sazidziwa. Amafuna bitimapu basi, timadontho takuda ndi toyera, fayilo yolemera ngati mwala womwewo. Ine ndimangosintha, mphindi ziwiri zatha.

Kutatsala masabata atatu kuti lifike tsiku losesa manda, mdzukulu wa malemu a Luo, amene amagwira ntchito mumzinda wa Xiamen, anatumiza chithunzi cha chiliza chimene ankafuna kuti tiwazokotere agogo ake. Mayina awiri, a Luo uku, akazi awo mayi Kang uku. Dzina la mayi Kang linali lofiira. Kwathu kuno ngakhale mwana wa mkaka amadziwa kuti wamoyo dzina lake limapakidwa chofiira pa chiliza, golide ndi wa amene anapita. Chofiiracho ndinachiona, sindinama. Koma nthawi yomweyo mnzanga Shuhua anali pa foni kundiuza kuti aphunzitsi athu a masamu awapeza kuseri kwa msika wa nsomba ndi mayi wogulitsa mabanzi uja, ndiye inuyo mukanadula foni? Ndinadina, chofiira chija chinasanduka chakuda ngati zilembo zina zonse, ndinatumiza ku makina. Bambo atafunsa ngati onse awiri anamwalira, ndinangoti eee, khutu lili kwa Shuhua. Banja la a Luo ndi la kuseri kwa phiri, bambo sankalidziwa. Anapaka golide mayina onse awiri, mosamala ngati mmene amachitira, chiliza n'kukaikidwa pamanda kuphiri.

Tsiku losesa manda mayi Kang anakwera phiri ndi ana awo, zofukiza ndi nkhuku yowiritsa zili m'dengu. Akuti anawerenga dzina lawo lagolidelo kawiri, anakhala pansi, kamwa n'kupotokera mbali imodzi. Anatsika nawo atawabereka, ulendo wa kuchipatala.

Masana omwewo ife tikudya phala la mpunga pakhomo pa shopu, kunabwera njinga zamoto ziwiri. Anali Jinbiao, mwana woyamba wa mayi Kang, wopha nkhumba, khosi ngati mtondo, ndi asuweni ake awiri. Moni sanapereke. Tebulo analimenya theche, phala lotentha linathira mayi anga m'miyendo. Msuweni wina anatenga chitsulo chotsekera chitseko n'kuphwanya kompyuta, magalasi mpaka m'tsitsi mwanga. Winayo anamenya bambo chibakera pakamwa, dzino linagwera mu mbale ya ndiwo, ndinalimva kulira.

Mayi anga si munthu womuyamba dala. Ananyamula ketulo ya tiyi n'kumuswa nayo msuweni wachitsulo uja pakhutu, akumutukwana kuti akanunkhire nkhumba kwawo. Iye anawakankha, anakagunda mutu pa mwala wosazokota, magazi chuchuchu pa bulauzi. A Tong ogulitsa zofukiza tsidya la msewu anatsitsa chitseko chawo theka, kuti aziona bwino ali otetezeka. Ndikuwadziwa, ndi iwo anayambitsa za mkazi wa mwini zija.

Jinbiao anatola nyundo ya bambo pa benchi.

"Amayi anga mwawaika m'manda akupuma," anatero, osakweza mawu n'komwe. "Dzanja limene lalemba lija liikeni apa."

Bambo analavula magazi, anapepesa, anamutcha achimwene ngakhale ndi mwana kwa iwo. Anati akafufuta tsiku lomwelo, ngakhale chiliza china asema mwaulere. Jinbiao anafunsa ngati kamwa la amayi ake nalonso akaliwongola ndi tchizulo.

Ndinatuluka kuseri kwa makina kumene ndinabisala.

"Amalume, ndine. Chofiira chinasowa pa kompyuta, ine ndinaona koma sindinanene."

Bambo anali asanandimenyepo chibadwire. Tsiku limenelo anandipatsa khofi lomwe linandigwetsera pa matumba a mchenga.

"Wamiseche iwe, lowa m'nyumba. Za miyala ukudziwapo chiyani? Burashi inali m'dzanja langa."

Jinbiao anandiyang'ana nthawi yaitali, nyundo ili lende. Ndikhulupirira anadziwa kuti ndikunena zoona. Koma bambo anali atayala kale dzanja lawo pa mwala, zala atazitambasula. Asuweni aja anawagwira mkono, ngakhale panalibe chifukwa, bambo sankalimbana. Nyundo inatsika kawiri. Phokoso lake ngati pothyola miyendo ya nkhanu. Bambo sanakuwe, anangogwada pang'onopang'ono n'kusanza phala lonse lija.

Apolisi anafika njinga zija zitapita. Bambo anawauza kuti mwala unawagwera, mayi akulira kuti bodza, a Tong nawo akuti iwo sanaone kanthu. Adokotala ati zala zitatu zathyoka, ndipo cholozera sichidzapindikanso.

Patapita masiku anayi tinakwera phiri, ine ndi bambo, dzanja lili m'bandeji ngati banzi lalikulu. Golide pa dzina la mayi Kang ndinapala ndine ndi kampeni. Bambo anayesa kupaka ndi lamanzere, utoto wofiira unayenderera mpaka pansi pa chilembo. Anapukuta ndi malaya, anayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu anandipatsa burashi osandiyang'ana.

"Usaviike kwambiri," anatero. "Yambira pamwamba, ndipo gwira mpweya mpaka mzere uthe."