Malaputopu M'chipinda cha Nyama

Gantulga anaima pakhomo la chipinda chosungiramo nyama, fulashi ya kompyuta ili m'manja, akuyang'ana makatoni a malaputopu atasanjidwa pakati pa miyendo ya ng'ombe youma gwa ndi chisanu. Sanakalipe. Mphamvu zokalipira zinamuthera kalekale, chaka chomwe mawondo ake anayamba kulosera nyengo.

Mayi Dolgorsuren, ophikira ana ogonera pasukulupo, anafotokoza kuti galimoto ya malaputopuwo inabwera ahedi kulibe, ndipo chitseko cha loko yodalirika n'chimodzi chokha pasukulu yonse. Iwo anangoti chosunga nyama chisunganso makina.

"Nyama siwola muno, aphunzitsi. Ndiye tizitsulo timeneti tiwole?"

"Kuwola ayi, achemwali. Kungofa basi."

Malaputopuwo, timakina totchipa topangira ana, anawapempha ndi iye mwini, zaka zapitazo akadali ndi mtima. Kuyambira pomwe udzu unafiira, anakhala akuumba sisitimu yakeyake yoti iziyendetsa makinawo: kuchotsa zachilendo, kuika malembo a Chimongoliya, mabuku a masamu, mapu, zonse zoti zizigwira popanda intaneti, poti kuchipululu kuno netiweki imabwera ngati mlendo wodutsa. Zonsezo zinali mu fulashi. Chotsala chinali kufufuta zomwe zinabwera ndi makinawo n'kuthiramo zake.

Akuluakulu a maphunziro ankabwera masana omwewo, ndipo anali atanena mosapsatira: akapeza malaputopu sakuyaka, makatoni apita kusukulu ya m'tauni. Akapeza akuyaka, Gantulga sapuma ntchito, chifukwa palibe wina wodziwa matenda a makinawo. Pomwe mwana wake Enkhzaya anali atamukonzera kale chipinda mumzinda wa Ulaanbaatar, chipinda chofunda chokha, chosafuna kusonkha moto wa ndowe kapena malasha. Walira mvula walira matope.

Ananyamulira makatoniwo kukhitchini. Gantulga anadina batani la laputopu yoyamba. Zii. Yachiwiri, zii. Mabatire anali atagona ndi chisanu, ndipo makina oterewa salola kuthiridwa sisitimu batire ilibe moto.

Mayi Dolgorsuren anati chouma ndi chisanu mankhwala ake amawadziwa, sanayambe lero. Anatenga malaputopu awiri n'kulunjika nawo pambaula, pomwe mphika wa tiyi wamkaka unkabwata.

Gantulga ankadziwa chomwe chichitike. Chinthu chozizira chikakumana ndi moto mwadzidzidzi chimachita thukuta, monga magalasi ake a m'maso polowa m'nyumba. Thukutalo likakhala m'kati, pa tinthambo, ndiye ukayatsa, kwatha. Ndipo akanamuloza chala ndani? Makiyi sanali ake. Mbaula sinali yake. Anakweza mbale yake ya tiyi, n'kupsontha pang'ono, maso ali pa nthunzi. Anadziona atakhala pawindo la nyumba yosanja, miyendo ili pa paipi yotentha, wopanda belu, wopanda choko.

Koma iye anabadwira kubusa. Bambo ake ankatola tiana ta nkhosa tobadwa m'chipale chofewa, tolimba ngati nkhuni, ndipo sankatiika pamoto. Ankatilowetsa pachifuwa, m'kati mwa mkanjo, kuti tifunde pang'onopang'ono ndi thupi la munthu. Mtima usanamalize kuganiza, manja anali atalanda kale malaputopu aja. Anadzikwiyira yekha.

Anamasula mabatani a mkanjo wake waubweya, n'kulowetsa makina onse awiri pamwamba pa lamba. Kuzizira kwake kunamuluma nthiti. Mayi aja anamuyang'ana, n'kuseka mpaka kugwira tebulo, kenako nawonso anatenga awo.

"Pa msinkhu uno mwandipatsa mimba, aphunzitsi. Amuna anga mukawafotokozera nokha."

"Khalani phee, mungapite padera."

Anaitana aphunzitsi ena, aliyense n'kufungatira ake. Anakhala pabenchi atatupa zifuwa, akumwa tiyi, akudandaula za mitengo ya udzu wa ziweto. Wina akafuna kutulutsa yake msanga, Gantulga ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzuwa litafika pawindo la khitchini, anatulutsa imodzi, n'kuigunditsa patsaya. Inali yofunda ngati mkate wadzulo. Anailumikiza kumagetsi, kanyali kanayaka. Anadikira batire ikhute pang'ono, analowetsa fulashi, n'kudina mabatani ake. Pagalasi panayamba kuyenda timabokosi, kalikonse kakusanduka kobiriwira, mzere ndi mzere, ngati munthu akulima. Kenako mdima.

Ndiye kuwala. Malembo a Chimongoliya anatuluka, akupereka moni ndi kufunsa dzina la mwini wake. Mayi Dolgorsuren anawawerenga mokweza, chala chili pagalasi, n'kunena kuti kachitsuloka kali ndi ulemu kuposa ahedi.

Gantulga sanaseke nawo. Anazula fulashi, n'kuyang'ana makatoni omwe anali asanatsegulidwe.

"Nanga mwana wanu kutauni mukamuuza chiyani?" anafunsa mayiwo chapansipansi.

"Aziyanikamo zovala m'chipindamo."

Anawerama, mawondo akulira, n'kutola laputopu ina yozizira. Anailowetsa pachifuwa, pamalo pomwe inzake inasiya pofunda, n'kukokera lamba.