Lenzi ya Achimwene a Dembo

Chimutengereni Kemo kumsasa wa chinamwali, mpunga ndinkangousiya m'mbale. Ndi mwana wanga woyamba, wamng'ono thupi, ndipo kukangozizira chifuwa chake chimabanika. Apongozi ankati ndisiye kudziwondetsa, amuna onse a m'mudzi muno anadutsa momwemo. Koma onsewo sindinawabereke ine.

Mkazi safika kumsasa. Ukangoyandikira umakumana ndi kankurang, mlonda wa anamwali wovala makungwa ofiira thupi lonse, zikwanje ziwiri zili m'manja.

Nditamva kuti anyamata akasambitsidwa kumtsinje, ndinalawirira kwa achimwene anga a Dembo. Iwowa amaperekeza alendo obwera kudzaona mbalame, ndipo ali ndi kamera ya lenzi yaitali ngati munsi, yolemera moti imakhala pa miyendo itatu yakeyake. Kakowa ali kutsidya, iwe umamuona mpaka diso.

"Achimwene, lero ndikufuna ndikaone mbalame."

"Iweyo Nyima? Woopa ndi nkhuku yomwe?"

"Ndayamba kuzikonda."

"Mbalame zake zometa mpala, eti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndinalowako kumsasa kumeneko, sindingakuonetse kanthu," anatero. "Ndikaimika chinthuchi pamene ndimaimika masiku onse, kenako ndikhala pamthunzi. Batani usadine. Chimene uone chithere m'mimba mwako."

Anandisenzetsa lenziyo, iwo n'kunyamula miyendo. Tinadutsa m'minda ya mpunga mpaka pagombe. Kutsidya kunali kutali zedi. Ndi maso angawa ndinkangoona timadontho toyera m'mphepete mwa madzi.

Nditaika diso pakamera, mitengo, madzi ndi mchenga zonse zinkavina.

"Yawonongeka iyi," ndinatero.

"Wawonongeka ndi iwe," anayankha ali chitembenukire kwina. "Ukunjenjemera, ndiye nayo ikunjenjemera. Imamva ngakhale kugunda kwa mtima imeneyo. Chotsapo manja. Tulutsa mpweya, udikire."

Ndinapinda manja kumbuyo ngati mwana wasukulu. Pang'onopang'ono zinthu zinakhazikika. Timadontho tija tinasanduka anyamata ovala zoyera, ali pamzere, aliyense ndodo yake.

Ndinayambira kumapeto kwa mzere, kumene amatsalira ofooka. Kunalibe Kemo. Wina anali ataberekedwa ndi mnyamata wamkulu. Ndinadikira mpaka anatembenuza nkhope. Sanali iye. Mwina amusiya kumsasa ali chigonere, mwina pali nkhani imene amuna akundibisira.

"Palibe, achimwene."

"Wayang'ana konse?"

"Kumbuyo konse ndayang'ana."

Anadzuka akung'ung'udza. Nkhope ili kumbali, anakankha lenziyo ndi chala chimodzi, pang'ono chabe.

Makutu aja ndinawazindikira ndisanaone nkhope. Kemo anali patsogolo pa onse, khosi lili njo, kukamwa kuli yasa. Mawu sankafika kuno, koma ndinkaona bwinobwino: iye akatsegula pakamwa enawo ankadikira, akatseka onse n'kuyankha. Ankatsogolera nyimbo. Mwana amene ndimamuveka majuzi awiri, amene ndimamuletsa kuthamanga, ankakoka mpweya chifuwa chonse n'kuutulutsa ngati alibe nawo ntchito. Ndodo yake inkamenya pansi, ndodo za anzake n'kumatsatira.

Misozi inatseka diso, ndinapukuta ndi mpango n'kubwererapo. Kankurang anadutsa pakati, wofiira psuu, m'lenzimo akuoneka pafupi moti ndinabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi m'matope.

"Wakudula?" anafunsa achimwene akuseka. "Dzuka tizipita, dzuwa likawala pagalasipo atiwona."

Anawerama kuti amasule kamera. Kumasulako kunatenga nthawi, diso lawo lili pomwe panali langa.

Pobwerera lenzi ija ndinaisenza osaimva kulemera. Tili pakati pa minda, achimwene anatsokomola.

"Mawu amenewo ndi akwathu," anatero. "Kwa bambo ake kulibe woimba."

"Si munati simuona kanthu inu?"

"Ndimayang'ana kakowa. Yenda."