Mizati ya Zebedee

Keziya anali asanachotse dzanja pampope pamene nyumba inalira. Kunamveka kuti phuu! pansi penipeni, ndipo amayi amene ankasesa phulusa la pamaliro anataya matsache n'kuthawira kumsewu. Pakhoma la kuchipinda panatuluka mng'alu woti chala n'kulowa, kuchokera pansi mpaka pazenera.

"Kyala! Mulungu wanga!" anakuwa Keziya. "Ine ndangotsegula madzi basi!"

Linali tsiku lachinayi chiikireni Zebedee, mlongo wake wa Keziya, mmisiri wa milatho ya boma, amene anangogwa pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja, osadzukanso. Nyumbayo anaimanga yekha kufupi ndi kasupe wa madzi otentha, kum'mwera kwa Lupembe. Poti dothi lake linali lofewa, anazika mizati isanu ndi umodzi ya simenti, nyumba n'kukhala pamwamba pake. M'kati mwa mizatiyo anadutsitsamo paipi yachitsulo yochokera kukasupe kupita kubafa, chifukwa mkazi wake Margaret, namwino wa ku Ntcheu, miyendo inkamutupa akaima tsiku lonse kuchipatala. Mpope wake sunkatsekedwa, unkangodontha usana ndi usiku, ndipo abale ankati ndi misala ya amisiri. Tsiku la maliro Keziya anaumanga kuti gwa, poti pakhomo pa maliro sasamba. Lero, tsiku losamba, anautsegula wonse.

Ambokile, mkulu wake wa malemu, anafika akumanga mabatani a jekete. Anali wapampando wa nthambi ya chipani, munthu woti akatsokomola anthu amavomera. Anayang'ana mng'alu, n'kutembenukira Margaret.

"Mwaona, alamu? Mwini wake wayankhula. Nyumba yakana munthu."

Margaret ankadziwa kumene mawuwo ankalowera. Zaka khumi za ukwati wopanda mwana, kuno koti nyumba ndi ya kuchimuna, ndiye khoma n'kudzang'aluka pa tsiku lake losamba!

"Sitikukuthamangitsani yayi," anapitiriza Ambokile. "Koma basi ya ku Ntcheu ilipo. Nyumbayi tigumula, malata tisunga."

"Ndalakwa chiyani, alamu?" Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

Kenan, mkulu amene anagwira ntchito ndi Zebedee pa milatho yambiri, anagwada n'kugwira paipi. Inamuwotcha.

"Anatseka madzi ndani?"

"Ine," anatero Keziya. "Ndi mwambo."

"Mayi, mwathyola mzati. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera. Zebedee ankasiya madzi akudontha kuti mizati isazizire. Inu mwaiziziritsa masiku anayi, mwezi wa Juni uno, kenako mwaithira moto kamodzin'kamodzi. Galasi lozizira mukathiramo tiyi wowira limatani?"

Keziya anagwira kumutu n'kukhala pansi pomwepo.

"Zam'mabuku izo," anatero Ambokile. "Kumbani tione."

Kenan anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kunena kanthu, koma anangotenga khasu. Anakumba pangodya ya chipinda mpaka dzenje linamufika m'chiuno, anthu atazungulira. Mzati unaonekadi utang'aluka motsatira paipi. Koma maso a anthu sanali pamng'alupo. M'munsi mwake munali zilembo zikuluzikulu, zolembedwa ndi msomali simenti isanaume. Kenan anazipukuta ndi chikhatho.

NYUMBA YA MARGARET. 1974.

Panalibe wotsokomola. Zebedee ameneyu, woti pamoyo wake sanatchulepo dzina la mkazi wake pagulu, woti mkulu wake akamakalipa iye ankangoyang'ana nsapato!

"Mzati umodzi si nyumba," anatero Ambokile.

"Ilipo isanu ndi umodzi, abwana," anayankha Kenan. "Yonse ndinagwira nawo. Tikumbe uti?"

Ambokile analoza wa kukhitchini, ndipo Keziya ndiye analanda khasu, akulira. Zilembo zinali zomwezo. Wachitatu palibe anaufunsa.

Margaret anatsikira m'dzenje ndi miyendo yake yotupa ija, n'kuyendetsa chala pa dzina lake. Mantha anali atamuchoka, kunatsala chisoni chokhachokha.

"Sanandiuzepo," anatero. "Bambo Kenan, analemberanji pansi poti munthu sangawerenge?"

"Inenso ndinamufunsa zomwezo, mayi." Kenan anapukuta thukuta, osayang'ana aliyense. "Anati, 'Adzawerenga amene adzabwere kudzagumula.'"

Ambokile anavula chipewa.