Kamera Imene Inakana Mapasa

Tsiku loyamba la mayeso a boma, mapasa a mayi wogulitsa kaunjika anafika pasukulu limodzi, yunifomu yofanana, nkhope yofanana. Pakhomo la chipinda cha mayeso boma linali litaika kamera yozindikira nkhope, akuti pofuna kugwira olembera anzawo. Wamkulu anaiyang'ana, inamulola. Wamng'ono ataiyang'ana, inayaka mofiira, akuti munthuyu walowa kale. Mlonda anamukokera panja ngati wakuba, anzake akuonerera.

Mwanayo anafika kumsika akulira. Mayi ake anasiya kasitomala atagwira siketi m'manja.

"Zisiyeni, amake mapasa," anatero mlamu wawo wapabenchi yoyandikana. "Kompyuta sinama. Adzalemba chaka chamawa. Kapena kamugwireni m'manja mlonda, amulowetsere kumbuyo."

"Alamu, mwana sanabe, ndiye alowere kumbuyo chifukwa chiyani? Tandiyang'anireni katunduyu."

Kusukulu ahedi anangotambasula manja. "Si ife, mayi, ndi makina."

"Aitaneni makinawo ndilankhule nawo."

"Salankhula."

"Ndiye mwalemba ntchito chinthu chopanda pakamwa kuti chiziweruza ana athu? Chikalakwa tikadandaule kwa ndani?"

Ahedi anaimbira kampani imene inabweretsa kamerayo. Akampani anati iwo anangogulitsa, zina akafunse kuboma. Aliyense kuloza mnzake, mayeso m'kati akupitirira.

Mphunzitsi wa sayansi anawakokera mayiwo pambali. "Mayi, kamerayi ndi ya nzeru zochita kupanga. Anaiphunzitsa ndi zithunzi zambirimbiri, ndipo imangoyerekeza. Imalakwitsa ndithu. Amene anavomereza kuti iikidwe pano ndi a ofesi ya mayeso. Anayenera kuiyesa kaye, n'kuika munthu woti aziunikanso ikakana mwana. Musalimbane ndi mawaya, pitani kwa amene analamula."

Wamkulu atatuluka, mayi anawatenga onse awiri mpaka ku ofesiyo. Mlembi anati bwana ali pamsonkhano. Mayi anakhala pansi pakhomo penipeni, miyendo tambalale, mpaka bwanayo anasowa podutsa.

"Mubwere sabata yamawa, mayi, tidzaiona nkhaniyi."

"Sabata yamawa mayeso atatha? Bwana, ndinabereka awiri, makina anu akuwerenga mmodzi. Sankhani nokha woti ndimubwezere m'mimba."

Bwana anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kukanda m'mutu. "Za mapasa sitinaziganizire."

"Dziko lonseli mapasa ndi anga okha? Ena abwezedwa lero, ali kunyumba akulira chifukwa amayi awo amaopa tayi."

"Chabwino, mawa alembe."

"Nanga pepala la lero?"

"Limenelo lapita."

"Lapita ndi ndani? Analiphonya ndi iye kapena inu? Sindichoka."

Anakokanakokana ngati pamsika. Bwana anavomera kuti mwanayo ndi ena onse obwezedwa apatsidwa pepala lina, ndipo pakhomo lililonse paima munthu wokhala ndi mphamvu zotsutsa kamera. Mayi anawonjeza chimodzi: amene anamuchititsa manyazi mwanayo pagulu akamulowetsenso pagulu. Apa bwana anazengereza, koma mayi anali atayamba kale kuyala nsalu pansi kuti agone pomwepo.

M'mawa mwake bwanayo anaima yekha pakhomo la chipinda cha mayeso. Wamkulu analowa. Wamng'ono anayang'ana kamera, ndipo inayakanso mofiira. Bwana anatsegula chitseko ndi dzanja lake, n'kunena mokweza kuti yalakwa ndi ofesi, osati mwanayu.

Mayi anali kuseri kwa mpanda. "Mwaona, bwana? Dzanja muli nalo! Iwe, lowa, usandichedwetse kumsika."

Phunziro: Makina sachita manyazi ndipo sapepesa. Boma likaika makina oweruza anthu, liwayese kaye, liike munthu wowayang'anira, ndipo akalakwa liyankhe lokha. Akakuuzani kuti "ndi kompyuta", funsani amene anailamula.