Botolo Lomwe Foni Inawerenga Katatu

Mayi wa saluni anali atavala kale magolovesi, mlamu wake atakhala pampando, thaulo lili m'khosi. Ukwati wa mlamuyo unali mkuja, ndipo iye ankafuna tsitsi loti anthu akalikambe mpaka chaka chamawa. Vuto linali botolo. Mankhwala owongolera tsitsi amene mayiyu anawazolowera anali atasowa, ndiye anagula ena olembedwa m'chilankhulo chomwe sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi.

Komabe sanade nkhawa. Foni yake inkamasulira zilankhulo, ndipo kunena zoona ankaikhulupirira kuposa mwamuna wake. Ndi foniyo ankachita malonda ndi mwini shopu wochokera kunja, wosamva chilankhulo chathu, mpaka ankanenererana mitengo n'kumaseka. Anajambula botolo lija, foni n'kunena kuti apake ndi kudikira mphindi makumi awiri.

"Alamu, pakanitu! Kapena mukufuna ndikakwatiwe nditavala duku?" anatero mkwatibwi.

Nthawi yomweyo analowa mayi wa pafamase yoyandikana nawo, kudzabwereka tsache. Ataona botolo anafunsa kuti, "Anzanga, mwawerenga bwanji zimenezi?"

"Foni yandiwerengera."

"Tajambulaninso."

Atajambulanso, foni inati mphindi khumi. Kachitatu inakamba za kutsuka ndi madzi ofunda, za mphindi osatchula n'komwe. Mayi wa saluni ankadziwa kuti tsitsi la mlamu likathothoka ukwati uli pafupi chonchi, kwa apongozi sakapondako.

"Foni si yoipa," anatero wa pafamase. "Inenso imandithandiza akabwera odwala achilendo. Koma botolo ndi lozungulira, tizilembo n'tating'ono, ndiye imangotola pomwe yaona. Choopsa chake n'chakuti sinena kuti 'apa sindikudziwa'. Imayankha molimba mtima, yalondola kapena yaphonya. Zokhudza thupi la munthu, pezani munthu wodziwa chilankhulocho. Paja safunsa anadya phula."

Mayi wa saluni anavula magolovesi, nasiya mkwatibwi akung'ung'udza, ulendo wa kushopu kuja, botolo lili m'manja. Kalaliki wa kumeneko, mayi wodziwa chilankhulo chathu ndi cha pabotolo lija, anatembenuza botolo pang'onopang'ono mpaka chala chake chinaima pa kamzere kapansi.

"Apa akuti osapaka tsitsi lomwe ladayidwa posachedwa. Limaduka."

Mayi wa saluni anangoti kukamwa yasa. Iye mwini ndi amene anadaya tsitsi la mlamu wake sabata yathayi.

Atabwerera, mkwatibwi sanakhulupirire. "Mwangochita ulesi inu, alamu!" Mayi wa saluni anadula katsitsi pang'ono kunkhongo kwa mkwatibwiyo, nakapaka mankhwala aja m'kambale. Patapita mphindi zochepa anakakoka, ndipo kanaduka ngati ulusi wowola. Mkwatibwi anagwira mutu wake ndi manja onse awiri.

Tsiku la ukwati analowa ndi tsitsi loluka bwino, lonse lili m'mutu mwake.

Mayi wa saluni sanaitaye foni ija ayi. Amachezabe nayo ndi mwini shopu, ndipo imamuthandiza kudziwa chiyambi cha nkhani. Koma zikakhala za mankhwala, za thanzi kapena pepala loti asayine, amafunsa munthu wodziwa chilankhulocho asanachite chilichonse. Makina omasulira ndi othandiza, koma akalakwitsa sapita kukapepesa kwa apongozi. Wopita ndi iwe.