Beseni la Patsinde pa Pichesi

Cassimiro Mathero wa ku Lifidzi anafukula mwana wa mkulu wake n'kukamutsuka mumtsinje ngati mchenga. Dzina ndi limenelo, wina asalisinthe. Anachita masana dzuwa lili pamutu, anthu akuona, ena akuseka, ndipo mpaka lero akuyenda bwinobwino, kutchalitchi akukhala benchi yakutsogolo. Wolakwiridwa ndi Bernadete, mkazi wa malemu Zeferino. Zeferinoyo ndiye anali mkulu wake wa Cassimiro, bere limodzi.

Zinayamba ndi makina. Cassimiro anamva kuti anyamata a ku Makanga akutola golide ndi makina onunkhiza pansi, basi mtima unamuuluka. Anagulitsa mota yake, njinga yamoto ija, n'kukwera shapa, minibasi ya ku Tete. Za m'sitolo anafotokoza yekha kangapo konse, botolo lili kumanja. Wogulitsa anamuonetsa makina awiri. Ena anali odula, osiyanitsa chitsulo ndi golide, oti ukadutsa nawo pa msomali amangokhala chete. Enawo anali otsika mtengo, pabokosi pali mzungu wa kabudula akuyenda pamchenga wa kunyanja, makina ofunira mphete ndi ndalama zimene anthu amataya posamba. Wogulitsa anabisa supuni pansi pa mkeka. Odula aja anangoti zii. Otsika aja anakuwa sitolo yonse.

"Ndinati ndipatseni okuwawo," ankatero Cassimiro. "Galu wosauwa ndikamutani ine?"

Anafika nawo kumudzi: ndodo yokhala ndi chimbale kumapeto, ndi zomvera za m'makutu. Msuweni wake Nikolasi, bambo wa ndevu zake, ankamutsatira ndi piki ndi fosholo. Anayenda m'minda, m'madambo, kuseri kwa makola. Makina ankakuwa, iwo n'kukumba. Anapeza misomali, zitini za sardinya, khasu lakutha, ndi timakoko ta zipolopolo ta nthawi ya nkhondo todzaza ndowa. Kumsika wa ku Domwe anayamba kumuitana kuti Bwana Golide. Munthu wosekedwa ndi woopsa kuposa wanjala.

Tsiku limenelo Bernadete anali kudimba, akukwezera mbatata yake ya kachewere. Dimbalo si lake, amatero a kwa Mathero. Iye anachita kulowoledwa, ndiye chimwalirireni Zeferino amalima mongomuchitira chifundo, ndipo Cassimiro sankalola kuti aiwale.

"Alamu! Tabwera kudzakulemeretsani!" anakuwa Cassimiro ali patali.

"Mundipondera mbatata, bambo a Marisa. Yendani pakati pa mizere."

Pambuyo pa Cassimiro panali anthu ongotsatira kuti aone zoseketsa, ndi mkazi wake Paula, mayi wa mwana wawo Marisa, ali ndi nzimbe kukamwa. Cassimiro anayendetsa chimbale chija uku ndi uku, dimba lonse, makina ali chete. Kenako anakhotera kumapeto, kumene kuli mtengo wa pichesi. Bernadete anasiya khasu.

Makina analira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Cassimiro anabwerera m'mbuyo, kudutsanso, analiranso. Anavula zomvera zija, makutu akumuwawa.

Chimene chili pamenepo, wamoyo wochidziwa anali Bernadete yekha. Chaka chimene nkhondo inafika ku Lifidzi, iye anali m'chikuta ndi mwana wake woyamba, wamkazi. Mwanayo anamwalira mchombo usanagwe, asanapatsidwe ndi dzina lomwe. Amuna anali atathawira kale kuphiri. Mwana wotere amaikidwa ndi akazi okhaokha. Salira maliro, satchulanso, amuna sauzidwa malo, ndipo dzenje sakumba lakuya kuopa kuti mayi angaume osaberekanso. Kumanda kunali kosapitika chifukwa cha asilikali, ndiye apongozi ake ndi mzamba anakumba kumapeto kwa dimba. Chaka chimenecho agalu anali atazolowera kudya anthu. Apongozi anatenga beseni limene ankasambitsiramo mwanayo n'kumuvundikira nalo, n'kukwirira. Kutacha onse atatu anawolokera ku Dedza, kukampu ya othawa nkhondo. Apongozi anafera kukampu, mzamba nayenso. Nkhondo itatha Bernadete anabwerera, anapeza malo aja, n'kubzala pichesi pambali pake. Zeferino mpaka kufa kwake sanafunse kuti n'chifukwa chiyani mkazi wake amapalira patsinde pa mtengo umenewo ndi manja.

"Pamenepo ayi," anatero Bernadete.

Cassimiro anatembenuka pang'onopang'ono, mano onse pamtunda.

"Wamva, Nikolasi? Dimba lonseli tayenda, alamu sanati ayi. Apa pokha ndiye ayi."

"Nkhuku ikalusa, pali mazira," anatero Nikolasi.

"Palibe golide pamenepo, bambo a Marisa. Ndikulumbira pa manda a akulu anu. Kumbani pena paliponse. Zulani mbatata yonseyi ngati mukufuna."

"Mwamva? Akupereka mbatata!" Cassimiro anauza anthu aja. "Mayi womana ngati uyu, woti sangakupatse ngakhale yovunda! Anthuni, pothawa nkhondo ndani sanakwirire kanthu? Ena mitu ya makina osokera, ena njinga. Bambo athu anagwira kumigodi ku Joni. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, ine ndinaiona ndi maso angawa. Inapita kuti? Akulu anga anauza mkazi wawo, mng'ono wawo ayi."

Bernadete anayang'ana amuna aja. Nkhaniyo siinenedwa pa amuna, ndipo iye anali asanainenepo kwa munthu. Anakodola Paula, n'kupita naye kuseri kwa nthochi. Paula anabadwira kukampu, nkhondo anangoimva. Bernadete anamugwira dzanja n'kumunong'oneza zonse, monga mkazi kwa mkazi mnzake.

"Mayi a Marisa, inunso munabereka. Kawauzeni amuna anu mwakachetechete kuti asiye. Musatchule chifukwa."

Paula analavula makoko a nzimbe, anatuluka kuseri kuja, n'kukuwa ngati akuitana ng'ombe.

"Akuti pali mwana!"

Anthu anaseka. Si onse, koma okwanira.

"Mwana wachitsulo?" anatero Cassimiro. "Alamu, makina awa salirira mafupa. Ndinafunsa ku Tete, chifukwa ine sindifuna kusokoneza akufa. Ndiye mwana wanuyo munabereka ndi mawilo?"

"Pali beseni. Amayi anu anamuvundikira ndi beseni."

"Eya! Poyamba panalibe kanthu. Kenako mwana. Tsopano beseni. Tidikire pang'ono, atiuza za m'besenimo." Kenako nkhope inasintha. "Ndipo amayi anga musawatchule pa bodza lanu. Ana a akulu anga ndimawadziwa onse ndi mayina awo. Ameneyo dzina lake ndani?"

Dzina panalibe.

M'gulumo munali a Rosária, mayi wachikulire, wodziwa bwino miyambo ya chikuta. Bernadete anawayang'ana kuti anene liwu limodzi lokha, kuti inde, zotere zimachitika. A Rosária anakonza duku lawo.

"Ngati n'zoona, mwalakwa kuzinena pa amuna," anatero. "Ngati n'zabodza, mwalakwabe." N'kuyang'ana kumbali.

Ndiye Bernadete anapita patsinde paja n'kukhala pansi, miyendo tambalale, manja atagwira dothi.

"Mukumbe ine."

"Mlamu ndi mkazi wako, kumunyamula si mlandu," anatero Cassimiro. "Nikolasi, gwira miyendo. Iii, alamu, kulemera chonchi? Ndi golide ameneyu!"

Anamunyamula ngati thumba la feteleza, iye akupalapata, chitenje chikumasuka pamaso pa amuna. Anakamuponya pamzere wa mbatata. Paula anamukhalira pamiyendo, mkazi wina n'kumugwira mapewa, akumuuza kuti musadzipweteke amayi, musadzipweteke.

Sipanatenge nthawi. Dzenje la mwana wotere silifika ndi m'bondo momwe. Piki inadula mizu ya pichesi, inadulanso, kenako inalira kuti ngwee. Anthu anaunjikana. Nikolasi anapalasa ndi manja. Linaoneka thako la beseni, loyera, lodyeka ndi dzimbiri, mkombero wake wabuluu. Lovundikira, monga mmene Bernadete ananenera.

Apa munthu wamutu akanaima. Ena m'gulumo anabwerera m'mbuyo, bambo wina anavula chipewa. Cassimiro anaona zimenezo, anaonanso ndowa yake ya misomali. Analowetsa nsonga ya piki pansi pa mkombero n'kukanula.

Paula anali ataimirira kuti aone nawo. Bernadete anakwawa ndi maondo, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, n'kusuzumira. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mwana wake ali momwemo monga anamusiyira, m'kansalu kake kamaluwa.

Munali dothi lakuda, lofewa, ndi timizu toyera tambirimbiri. Kansalu munalibe. Fupa munalibe. Mafupa a mwana wa m'chikuta ndi ofewa ngati nsonga ya dzungu, nthaka inamwa kalekale.

"Mwana uja ali kuti?" anafunsa Cassimiro. Mawu ake anali atabwerera mphamvu. "Anthuni, mukumuona? Alamu, wapita kusukulu?"

"Ndi ameneyo," anatero Bernadete. "Dothilo. Ndi ameneyo."

"Ku Makanga dothi lakuda chonchi ndiye limasunga golide wafumbi," anatero Nikolasi, amene ku Makanga sanapondeko. "Madala anathira fumbi la ku Joni apa, n'kuvundikira. Pafunika kutsuka."

Anakhuthula misomali ija pansi. Anakokolola dothi lakuda lonse ndi fosholo, mpaka kupala m'mbali, n'kuthira m'ndowa. Bernadete anagwira ndowa ija ndi manja awiri. Cassimiro anamupotokola zala chimodzichimodzi, akumwetulira anthu.

"Mupatsidwa gawo lanu, alamu. Ife si akuba."

Mtsinje uli pafupi, kumunsi kwa dimba. Chotsukira analibe, ndiye anatenga beseni lomwelo. Linali ndi kabowo, Nikolasi anatseka ndi chala chachikulu. Ankathira dothi, kumiza m'madzi, kuzunguza, matope akuda n'kumasefukira kunja.

Bernadete anatsikira kumunsi kwawo. Analowa m'madzi ozizira aja mpaka m'ntchafu, anavula chitenje chapamwamba n'kuchitambasula m'madzi ngati wogwira matemba. Matope ankabwera, kufika pachitenje, kudutsa. Ankasunthira uku, matope akudutsa uko. Madzi ndi otakata, manja ndi awiri. Kumtunda wina anati mayi aja apenga, wina anati ayi, akufuna atole golide wogwa. Iye sanawamve. Ankangoti, bwera kuno, bwera kuno, osadziwa kuti amuitane ndani.

Ndowa inatha. Madzi anayera. M'beseni munatsala mchenga wodzaza chikhatho ndi kachidutswa ka dzimbiri. Cassimiro anaika makina pamchengapo, analira chifukwa cha beseni, anthu n'kuphulika kuseka.

"Bwana Golide!"

Nkhope ya Cassimiro inada. Anatembenukira kwa Bernadete, amene anali chiimire m'madzi, chitenje chili m'manja.

"Munachotsa kale. N'chifukwa chake mumakhalira kupalira pamenepaja. Mwadya chuma cha bambo athu nokha, n'kutinamiza ndi mwana wa bodza. Mukakumba mbatata yanuyi, dimba libwerere kwa eni ake."

Beseni anaponya m'ndowa, akuti zitsulo zakutha zimagulidwa ku Ulongwe. Anakwera mtunda, Nikolasi pambuyo, Paula akufunsa ngati mapilya, mabatire a makina aja, atsala ndi moto wokwanira mawa. Anthu anabalalika kukadya. A Rosária podutsa anati, mukasinthe zovala mayi, mudwala chibayo.

Dzenje lilipobe. Pichesi wafota mbali imene anadula mizu. Anthu oyandikana nawo akumuuza Bernadete kuti akwirire, mbuzi ingathyokemo mwendo. Cassimiro akuti nkhaniyo inatha, panalibe mwana, aliyense anaona ndi maso. Ndipo n'zoona, aliyense anaona. Palibe fupa loti Bernadete akaonetse munthu, palibe dzina loti atchule, mboni zake ziwiri zili m'manda a ku Malawi. Chimene ali nacho ndi chitenje chokhala ndi banga lakuda pakati, chimene sanachape.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, musachite za a Rosária zoyang'ana kumbali. Akuti akwirire. Akwirire chiyani? Aike chitenjecho m'dzenjemo, m'dimba limene akumulanda, kuti makina ena adzabwere? Kapena atsatire mtsinje mpaka kumene ukuthera? Mwana wa Bernadete ali kuti? Iye akufunsa, ndipo pamudzi pano palibe akumuyankha. Muyankheni inuyo.